Dzanja la mwana si mlandu wa mayi

Mwana akabadwa ndi mkono waufupi, kapena dzanja lopanda zala, m'midzi yathu ya kumapiri a Dedza mumatsegulidwa bwalo la milandu mchombo usanagwe n'komwe. Bwalo lake silikhala pansi pa mtengo wa kachere ndipo amfumu saitanidwa. Limakhala kuseri kwa nkhokwe, pamjigo, pamtondo, m'manong'onong'o a anthu obwera kudzaona mlendo. Woimbidwa mlandu amakhala mayi amene wangochira kumene, amene ngakhale kukhala tsonga akuvutika. Mboni palibe, umboni palibe, koma chigamulo chimatuluka tsiku lomwelo ndipo apilo kulibe. Ndinene mosapsatira: bwalo limeneli n'labodza, n'lankhanza, ndipo likuwononga ana athu kuposa mmene mkono waufupiwo ungawawonongere.

Milandu yake tonse timaidziwa. Akuti anaseka wolumala ali ndi pakati. Akuti anadya zimene anamkungwi anamuletsa. Akuti anazembera mwamuna wake, ndiye mwana wabwera kudzaulula. Masiku ano kwabwera mlandu watsopano: akuti ndi jakisoni wa kulera uja ankabayitsa mobisa. Bambo akakhala kuti kachewere wake anachita bwino chaka chimenecho mpaka anagula njinga yamoto, ndiye kuti anakhwimira mwana. Koma ngakhale pamenepo anthu amafunsabe kuti nanga mkaziyo anali kuti, anavomereranji.

Tiyeni tiike milanduyi pa kalendala. Mkono wa munthu umayamba kuphuka m'sabata yachinayi mimba itangokhala, kamwanako kali kochepa ngati njere ya mpunga. Pomafika sabata ya 8, phewa, chigongono ndi chikhatho zimakhala zitaumbika kale, zala zitalekana chilichonse pachokha. Nthawi imeneyo mayi amakhala atangodumpha mwezi kamodzi kapena kawiri. Mwina sanauze ngakhale mwamuna wake. Sikelo sanayambe, anamkungwi sanabwere kudzamulangiza za mimba, ndipo m'mudzi palibe akudziwa kanthu. Tsono zimene akuti anachita mimba ikuonekera, kaya kuseka munthu pamsika wa Bembeke, kaya kudya zoletsedwa, zinachitika nkhani ya dzanja itatha kalekale. Munthu mungamuzenge bwanji mlandu wa chinthu chimene chinachitika iye asanadziwe n'komwe kuti ndi woyembekezera?

Nanga chimachititsa n'chiyani? Mwa ana ambiri otere, ngakhale madokotala a zipatala zazikulu za ku Ulaya sapeza chifukwa chimodzi choti n'kuchiloza. Nthawi zina kamtsempha kopititsa magazi ku mkono umene ukuphukawo kamatsekeka, mkono n'kulekera pomwepo kukula. Nthawi zina thumba la madzi limene mwana amakhalamo limang'ambika pang'ono mkati, tiulusi take n'kukulunga chala kapena dzanja mpaka kulimanga. Nthawi zina ndi za kumtundu, ndipo mtunduwo ukhoza kukhala wa kuchimuna monga mmene ungakhalire wa kuchikazi; azibambo othamangira kuloza chala amve bwino pamenepa. Matenda a shuga osasamalidwa, kusuta fodya ndi mankhwala ena akumwa zimawonjezera chiopsezo. Koma palibe umboni wakuti jakisoni kapena mapiritsi a kulera amadula mwana dzanja, ndipo amene akufalitsa bodza limeneli akuthamangitsa amayi ku chithandizo chimene chikupulumutsa miyoyo yawo.

Nthawi ina ana a mikono yaifupi anachuluka mwadzidzidzi padziko, chifukwa chake chinafufuzidwa mpaka kupezeka, ndipo wolakwa sanali mayi. Mu 1957 kampani ya Grünenthal ya ku Germany inayamba kugulitsa mankhwala ogonetsa tulo otchedwa thalidomide, amene amayi oyembekezera ankamwanso pofuna kuletsa mseru. Anachotsedwa pamsika kumapeto kwa 1961, madokotala awiri, Widukind Lenz wa ku Germany ndi William McBride wa ku Australia, ataloza pamene panali vuto. Ana oposa 10,000 m'mayiko osiyanasiyana anabadwa ndi mikono kapena miyendo yosakula, ena manja ataphukira paphewa penipeni. Ngati ife kuno tikufuna choopa, tiope mapiritsi opanda dzina ogulitsidwa pabenchi tsiku la msika, ndi zitsamba zopanda muyezo zimene mtsikana amamwetsedwa mimba ikali yaing'ono. Zimenezo n'zimene banja lonse lingathe kupewa, ndipo udindo wake ndi wa tonse, osati wa mayi yekha.

Ku America, bungwe la boma loona za matenda la CDC limati pafupifupi mwana mmodzi mwa 2,000 aliwonse amabadwa ndi mkono kapena mwendo wosakula mokwanira. Kumeneko kulibe anamkungwi, kulibe mdulo, koma ana otere akubadwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza. Tikatengera chiwerengero cha ku America chija, tikukamba za anthu mazana angapo, kuyambira kwa Kaphuka, kwa Kasumbu, kwa Kachere mpaka kwa Kamenyagwaza. Ngati simunawaone, si chifukwa chakuti kulibe. Tinawabisa.

Ndipo kuno kubisa n'kosavuta. Mu June ndi July, chifunga chikatsika m'phiri la Dedza, khanda lililonse limakhala lokutidwa ndi shawelo, chipewa ndi masokosi, moti palibe angafunse kanthu. Koma pitani pasukulu ya pulayimale mu October, dzuwa likuswa mtengo, ana onse ali ndi malaya a manja aafupi. Mudzapeza kamtsikana kamodzi katavala juzi, mkono umodzi wa juziyo utalowetsedwa m'thumba. Thukuta lili kamukamu koma sikavula. Manyazi amenewo sikanabadwe nawo. Kanawaphunzira kali kumbuyo kwa amake, pamene nsalu inkakokedwa msangamsanga mlendo akayandikira, ndipo amakewo anawaphunzira kwa ife.

Tsono amuna. M'midzi yambiri ya kuno mwamuna amakhala chikamwini, ndipo katundu amene angati ndi wake amakwana m'chikwama chimodzi. Mwana akabadwa chotere, ena amangoti, "Kwathu kulibe zotere," n'kunyamula chikwamacho, ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Joni ati kukafuna ganyu, osabweranso. Ankhoswe amene anali patsogolo tsiku la chinkhoswe amangoti zii. Atsibweni a mwanayo amati ndi za m'banja la eni. Mwana amatsala wopanda zinthu ziwiri, dzanja limene sanakhalepo nalo ndi bambo amene anamuona n'kuthawa, ndipo chimene chidzamugonetse ndi njala n'kumusiyitsa sukulu ndi chachiwiricho. Amuna amene anakhala, amene amabereka mwana wotere kumbuyo kwa njinga kupita naye kusikelo anthu akuona, alipo ndithu, ndipo ndi amene ayenera kupatsidwa mpando pabwalo kuti anzawo amve.

Mafumu athu ali ndi mphamvu pa nkhaniyi kuposa nduna ya ku Capital Hill. M'boma lathu lomwe lino tinaona Inkosi Theresa Kachindamoto ikuthetsa maukwati a ana mazanamazana, kubwezera atsikana kusukulu, mpaka kuimitsa paudindo nyakwawa zimene zinkalekerera. Anthu ankati mwambo sungasinthe. Unasintha pamene mfumu inati basi. Chikuletsa n'chiyani a gulupu kulengeza kuti m'dera lawo mwamuna wothawa khanda chifukwa cha ulumali adzaitanidwa pamodzi ndi ankhoswe ake, ndipo wonena kuti mayi kapena gogo analodza mwana adzalipa? Lamulo lilipo kale. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma agogo akugonabe ndi mantha chifukwa mdzukulu wabadwa ndi zala zitatu.

Pali nkhanza inanso imene timaitcha chifundo, ndipo iyi ndiyo imandipweteka kwambiri chifukwa oichita ake ndi anthu okonda mwanayo ndi mtima wonse. "Musiyeni, sangathe." Anzake akupita kukatunga madzi: musiyeni. Akusenda kachewere: mulandeni mpeni, adzicheka. Kudimba: akhale pamthunzi azilondera katundu. Pofika zaka khumi mwanayo amakhaladi kuti sangathe, osati chifukwa cha mkono, koma chifukwa palibe anamulola kuyesa.

Ndinakhalapo pakhonde pena cha ku Linthipe n'kumaonerera mtsikana wa zaka ngati 12, wobadwa ndi mkono wamanzere wolekera pansi pang'ono pa chigongono, akuphika nsima ya banja lonse. Chogwirira cha poto anachipanikiza pakati pa kamkono kakafupiko ndi bondo, atayalapo kansanza kuti asapse, dzanja lamanja likuvundula ndi mthiko. Pothira ufa ankatsamiritsa mthiko paphewa, kutapa, kuwaza, n'kuyambiranso kuvundula. Poomola anaika mbale pansi n'kuitchinjiriza ndi phazi, chipande chikulowa m'madzi n'kutuluka mwachangu moti maso anga ankatsalira. Nsima inabwera yosalala. Agogo ake anandiuza kuti iwo sanamuphunzitse zonsezo. Anangomuuza ali wamng'ono kuti pakhomo pawo aliyense amagwira ntchito, ndipo njira yake anaipeza yekha.

Makolo anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza, pochenjeza oseka anzawo. Mwambiwu ndi wabwino koma mwana uyu unamuiwala. Munthu amene dzanja linadukira pa lamba wa chigayo, kapena pa ngozi ya mumsewu wa M1, wataya chinthu chimene anachizolowera. Amalira maliro a dzanja lake, n'kuyamba kuphunzira chilichonse mwatsopano. Mwana wobadwa ndi mkono waufupi sanataye kanthu. Thupi limene ali nalo ndi lokhalo limene amalidziwa, ndipo ubongo wake umaphunzira kukwawa, kugwira ndi kunyamula ndi thupi lomwelo. Chisoni amadzachimva tsiku limene adzaone nkhope zathu zikusintha pomuyang'ana.

Mwambo wathu umati mwana alandire chinthu ndi manja awiri, apereke moni ndi lamanja, adye ndi lamanja, awombe m'manja pamaso pa akuluakulu. Sindikuti tiutaye. Ndikuti wamkulu amene wakwiya chifukwa mwana wa dzanja limodzi wamupatsira madzi ndi lamanzere atagwada bwinobwino, sakuteteza mwambo, akuuchititsa manyazi. Ndamvapo za aphunzitsi okakamiza mwana wa zala ziwiri kudzanja lamanja kulemba ndi lomwelo, ati lamanzere n'lamwano. Ndamvaponso za ena ouza kholo kuti mwana wotere apite kusukulu yapadera. Ya chiyani? Maso ake akuona, makutu ake akumva, mutu wake ukugwira ntchito. Chimene akufuna ndi desiki loti kope lisamaterereke, kamwala kapena kopanira kogwira pepala, mphindi zowonjezera pa mayeso ngati kulemba kukumuchedwetsa, ndiponso mphunzitsi amene sangamuchotse pamzere wa netibolo kapena wosesa pabwalo. Ku Montfort ku Chiradzulu amaphunzitsa aphunzitsi a maphunziro apadera, ndipo ntchito yawo ndi yofunika. Koma izi n'zoti mphunzitsi aliyense wotuluka pa koleji ya St Joseph's ku Bembeke konkuno azidziwe asanapatsidwe kalasi yake yoyamba.

Mawu anga olemera kwambiri ndikuwasungira a zaumoyo, chifukwa iwo amadziwa zimene m'mudzi sadziwa. Mayi wina anandifotokozera mmene anatulukira pa chipatala china chaching'ono. Namwino anamuonetsa mwana, kumukulunga, n'kumuuza kuti ndi chifuniro cha Mulungu, basi. M'kabuku ka kusikelo munalembedwa kulemera kwa mwana ndi katemera, za dzanja osalembamo kanthu. Ndikudziwa kuti namwino mmodzi amachiritsa amayi ambiri usiku umodzi, nthawi zina akuunikira ndi tochi ya foni, ndipo sindikupeputsa kutopa kwake. Koma pamene namwino wakhala chete, amayankhula ndi asing'anga ndi apongozi, ndipo mawu oyamba amene mayi wamva ndi amene amakhazikika.

Komanso pali zachipatala zenizeni zimene kukhala chete kumeneku kukuphonya. Mkono umaumbika nthawi imodzi ndi mtima ndi impso. N'chifukwa chake mwana wobadwa wopanda chala chachikulu, kapena amene dzanja lake lapindikira mkati chifukwa fupa la mbali ya chala chachikulu n'lalifupi kapena palibe, ayenera kupimidwa mtima, impso, msana ndi magazi. Ena mwa ana amenewa amakhala ndi bowo mumtima, ena magazi awo sagwirana msanga akavulala, ndipo zimenezi ndi zimene zingaphe mwana, osati dzanjalo. Dzanja lopindika limafuna kuwongoledwa pang'onopang'ono mwana akali khanda, minofu ikali yofewa. Kaulusi kamene kamanga chala mpaka kutupa ndi nkhani yachangu, si yodikira kuti mwana ayambe wakula. Zala zomatirana zimalekanitsidwa ndi opaleshoni. Pamene palibe chala chachikulu, madokotala amatha kusuntha chala cha mkombaphala n'kuchisandutsa chachikulu, mwana n'kumagwira pensulo ndi supuni. Luso limeneli linakhwima m'manja mwa dokotala wa ku Hamburg, Dieter Buck-Gramcko, pothandiza ana a thalidomide aja.

Kopita kulipo. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chimachita opaleshoni ya mafupa ndi ziwalo za ana kwaulere. Pa Kamuzu Central ku Lilongwe pali malo opangira ziwalo zoikirira amene anakhazikitsidwa ndi bungwe la 500 miles la mayi Olivia Giles a ku Scotland, amene iwo eni anaduka manja ndi mapazi chifukwa cha matenda, ndipo pomwepo panatsegulidwa chipatala cha mafupa cha LION mu 2023. Kuchoka pa Dedza boma kufika ku Lilongwe sipakwana makilomita 100. Koma kwa mayi wa ku Mayani kapena ku Lobi amene sanauzidwe kuti malo amenewa alipo, malowo kulibe. Pa mapazi opindika tinakwanitsa: lero namwino akaona khanda la phazi lopindika amadziwa kolitumiza, ndipo m'zipatala za maboma ana amamangidwa chikhakha sabata ndi sabata mpaka phazi litawongoka. Dzanja talisiyiranji?

Ndiye pali anzathu achifundo obwera ndi makamera ndi dzanja la pulasitiki. Mtima wawo ndi wabwino, koma afunse kaye. Ana ambiri obadwa opanda dzanja limodzi amavula dzanja loikirira n'kuliponya pansi pa bedi, chifukwa kamkono kawo kali ndi khungu lakumva kutentha, kuzizira ndi kulemera kwa chinthu, ndipo pulasitiki imaphimba kumva konseko. Limalemera, limatenthetsa, mwana akakula pang'ono limachepa, ndipo likathyoka palibe angalikonze pa Chimbiya. Chipangizo chothandiza mwana kugwira chiwongolero cha njinga kapena mpini wa khasu, chimenecho ndi chabwino, chifukwa chayambira pa funso lakuti iwe ukufuna kuchita chiyani. Koma dzanja longopangira kuti ife tisamachite manyazi pomuyang'ana likuthandiza ife, osati mwanayo.

Otsatira Temwa Chawinga mu ligi ya mpira wa amayi ku America mwina anamuonapo Carson Pickett, wotchinga kumbuyo wobadwa wopanda dzanja lamanzere kuyambira cha pachigongono, amene mu 2022 anasewera mu timu ya dziko lake. Amasewera mkono uli pamtunda, osabisa. Sindikumutchula kuti mwana aliyense wa ku Dedza akhale katswiri. Mwana wa dzanja limodzi sayenera kuchita zodabwitsa kuti timuwerengere ngati munthu. Ali ndi ufulu wokhala mlimi wamba wa kachewere, telala, mphunzitsi, mayi wa ana ake.

Malamulo tili nawo okwanira. La 1971 linabweretsa MACOHA, bungwe loona za anthu aulumali. Mu 2009 dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012 kunabwera lamulo la za ulumali, ndipo la 2024 lalowa m'malo mwa awiriwo n'kusintha MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa khumi aliwonse ali ndi ulumali. Chaka ndi chaka pa 3 December timavala malaya olembedwa kuti ulumali si kulephera. Zonsezi n'zabwino, koma sizinafike m'chikuta, ndipo ndi m'chikuta mmene tsogolo la mwana ameneyu limagamulidwa.

Zimene ndikupempha akuluakulu a zaumoyo ndi khonsolo ya Dedza n'zazing'ono. Mwana aliyense wobadwa ndi dzanja kapena mkono wosakula alembedwe m'kabuku kake ndi m'kaundula wa chipatala tsiku lomwelo, kuti boma lidziwe kuti alipo angati ndipo ali kuti. Mayi asatuluke wopanda kalata yomutumiza kwa dokotala wa mafupa, yokhala ndi tsiku lopita. Mlangizi wa zaumoyo afike pakhomopo sabata yoyamba, akhale pamphasa ndi mwamuna, apongozi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, awauze pamaso pa mayiyo kuti dzanja linaumbika liti ndiponso kuti palibe amene analakwa. Chotsala ndi ndalama ya minibasi ya mayi ndi khanda kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre n'kubwerera, chifukwa kalata yopanda thiransipoti imathera m'denga. Ana ake ndi ochepa pachaka, moti ndalamayo singalemetse bajeti ya khonsolo. Makhansala ndi aphungu athu aiikemo pokambirana bajeti ikubwerayi, ndipo makomiti a chitukuko a m'midzi awafunse poyera ngati aiikamo.